ZA UMOYO M'BANJA: Asilikali a m'magazi ophunzitsidwa kusaka khansa

Mwezi uno ndalandira kalata imene yandikhazika pansi kwa nthawi yaitali. Yachokera kwa mayi wina wa kudera la Kanakantapa, m'boma la Chongwe, ndipo dzina lawo ndalisunga monga anandipempha. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 6 anapezeka ndi khansa ya m'magazi, ndipo papita miyezi 7 akulandira mankhwala ku Lusaka. Tsitsi linathothoka, chakudya sichikulowa bwino, ndalama zoyendera zikutha, kumunda nako kwamera tchire. Tsono mlamu wawo wa m'tauni wawaonetsa nkhani pa foni, yakuti kunja kuli njira yatsopano: madokotala amatenga magazi a mwana, n'kuwaphunzitsa kupha khansa, n'kuwabwezera m'thupi kamodzi kokha, basi mwana wachira.

Mayiwa alemba motere: "Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona, bwanji mwana wanga akuzunzika ndi mankhwala owawa chotere? Bambo ake akuti tigulitse ng'ombe zathu ziwiri zolimira, timuchotse m'chipatala, tikafune njira imeneyi. Apongozi anga akuti zonsezi n'kutaya nthawi, mwanayu anachita kulodzedwa. Ine mutu waima."

Mayi, safunsa anadya phula. Inu mwachita bwino kufunsa ng'ombe zikali m'khola ndi mwana akali m'manja mwa madokotala. Nkhani imene mlamu wanu wakuonetsani ndi yoona, koma wakuuzani theka lokha. Theka linalo ndilo likukhudza moyo wa mwana wanu, kotero tiyeni tiyambire pachiyambi.

KODI KHANSA YA M'MAGAZI N'CHIYANI?

M'kati mwa mafupa athu muli mafuta ofewa amene ali ngati munda wa magazi. M'menemo ndimo mumamera maselo ofiira onyamula mpweya, timaselo toumitsa magazi pa bala, ndi maselo oyera amene tinazolowera kuwatchula kuti asilikali a m'thupi. Asilikaliwa ali m'magulu angapo, koma pa nkhani yathuyi tigwire awiri: gulu la B ndi gulu la T. A gulu la B amasula zida zolimbana ndi tizilombo. A gulu la T amayendera thupi lonse, ndipo ena mwa iwo amagwira ndi kupha selo lililonse lodwala kapena lachilendo. Aja a CD4, amene amawerengedwa kwa anthu okhala ndi HIV, ndi a gulu la T lomweli.

Khansa ya m'magazi imayamba pamene selo limodzi losakhwima lisokonezeka ndi kuyamba kuswana mosalekeza. Ana ake sakhwima ndipo sagwira ntchito. Amangodzaza m'mafupa monga kaufiti adzazira m'munda wa chimanga, mpaka magazi abwino asowa pomera. N'chifukwa chake mwana amayera m'zikhatho, amatuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama, amamva kupweteka m'mafupa, ndipo thupi limatentha kawirikawiri. Kwa ana ambiri odwala mtundu wofala wa nthendayi, maselo osokonezekawo ndi a gulu la B.

Kwa apongozi anu ndinene mwaulemu kuti nthendayi imagwira ana a ku Chongwe, a ku London ndi a ku Mumbai mofanana, ndipo imaoneka ndi maso pa makina oyezera magazi. Si kulodzedwa, si tchimo la mayi kapena la bambo, ndiponso siyopatsirana.

Nanga bwanji asilikali a gulu la T sapha maselo oipawo? Chifukwa chake n'chakuti wakubayo ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Alonda amamudziwa nkhope, amamupatsa moni, namulola kudutsa ndi katundu wakuba pamutu.

MANKHWALA AMENE MWANA WANU AKULANDIRA

Agogo athu ali ana, nthenda imeneyi inalibe mankhwala kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mu 1948 Dr Sidney Farber wa ku Boston anasonyeza kwa nthawi yoyamba kuti mankhwala angathe kuigonjetsa, ngakhale kwa miyezi yochepa chabe. Mu 1962 Danny Thomas, katswiri wa zisudzo amene anali atalonjeza kwa Yuda Tadeyo Woyera kuti adzamumangira chikumbutso, anatsegula chipatala cha St Jude ku Memphis, m'dziko la America. Pa nthawi imeneyo ana 4 okha mwa ana 100 odwala mtundu wofala wa khansa ya m'magazi ndiwo ankapulumuka. Lero m'maiko olemera amachira ana 9 mwa ana 10.

Chimene chinasintha zinthu motere si njira yatsopano ya pa foni ija. Ndi mankhwala a chemotherapy, omwewo amene mwana wanu akulandira, operekedwa mitundu ingapo pamodzi, pa nthawi yake, kwa zaka 2 kapena 3 osadukiza. Amodzi mwa iwo, otchedwa vincristine, amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene ambiri timabzala pakhomo pokongoletsa. Koma pasapezeke wina wophika masamba ake n'kumwetsa mwana, pakuti ndi poizoni, ndipo mankhwala enieniwo amayengedwa ndi kuyezedwa ndi akatswiri.

Mankhwala amenewa ndi owawa chifukwa amagwira selo lililonse loswana mofulumira, labwino ndi loipa lomwe. Ndicho chifukwa tsitsi limathothoka ndipo m'kamwa mumatuluka zilonda. Tsitsilo lidzameranso. Vuto lenileni ndi lakuti pali ana ena ochepa amene khansa yawo imakana mankhwala, kapena imabwerera kawiri katatu. Njira yatsopano ija inakonzedwera ana otere.

MTSIKANA WA KU PENNSYLVANIA

Mu 1989 Zelig Eshhar ndi anzake a ku Weizmann Institute, m'dziko la Israel, anasonyeza kuti n'zotheka kupatsa msilikali wa gulu la T chogwirira chatsopano, chomuthandiza kuzindikira mdani amene kale ankamudutsa. Panapita zaka zoposa 20 akatswiri akuyesa ndi kulephera. Njirayi lero imadziwika ndi dzina lakuti CAR-T.

Mwana woyamba kuilandira pa khansa ya m'magazi anali Emily Whitehead wa ku Pennsylvania. Iye anapezeka ndi nthendayi mu 2010 ali ndi zaka 5, ndipo inamubwerera kawiri mpaka madokotala anasowa chochita. Mu April 2012 makolo ake anavomera kuti ayesedwe njira yatsopanoyi ku Children's Hospital of Philadelphia, m'manja mwa Dr Stephan Grupp, ndi maselo okonzedwa ndi gulu la Dr Carl June wa ku University of Pennsylvania.

Patangopita masiku ochepa mtsikanayo anatentha thupi koopsa, magazi anasiya kuyenda bwino, ndipo anamuika pa makina opumira. Poyeza magazi ake anapeza kuti chimodzi mwa zinthu zimene asilikali amaitanirana nazo ku nkhondo chinali chitachuluka mopitirira muyeso. Dr June ankadziwa mankhwala oziziritsa chinthu chimenecho, otchedwa tocilizumab, chifukwa mwana wake wamkazi ankadwala nyamakazi. Anamupatsa Emily mankhwalawo, ndipo anatsitsimuka pa tsiku lake lobadwa, atakwanitsa zaka 7. Khansa inali itazimiririka. Mu 2022 anakwanitsa zaka 10 nthendayo osabwerera.

MMENE ASILIKALI AMAPHUNZITSIDWIRA

Mlenje akafuna kuti galu wake asake nyama inayake, amayamba wamununkhiza fungo lake. Ntchito ya CAR-T ndi yofanana ndi imeneyo. Magazi a wodwala amadutsa m'makina amene amapatula maselo oyera n'kubweza otsalawo m'thupi. Maselowo amaumitsidwa ndi chisanu n'kutumizidwa ku labotale yapadera. Kumeneko amawalowetsa malangizo atsopano a chibadwa, owauza kupanga chogwirira chimene chimazindikira chizindikiro chotchedwa CD19. Chizindikiro chimenechi chili pamwamba pa maselo a gulu la B, kuphatikizapo a khansa aja.

Chodabwitsa kwa ife a ku Zambia, amene tinaika m'manda abale ambiri chifukwa cha Edzi, ndi chakuti wonyamula malangizowo kuwalowetsa m'selo ndi kachilombo ka HIV kochotsedwa mbola. Akatswiri anaona kuti kachilomboka kali ndi luso lolowa m'maselo a gulu la T, tsono anakachotsa zonse zokachititsa kuswana ndi kudwalitsa, n'kukasiyira luso lolowalo. Wodwala satenga HIV mwa njira imeneyi.

Maselo okonzedwawo amaswanitsidwa mpaka akwane mamiliyoni, ndipo ntchito yonseyi imatenga milungu 3 kapena 4. Kenaka mwana amalandirabe chemotherapy kwa masiku ochepa yokonzera malo, ndipo maselo aja amabwezedwa m'thupi kudzera mu dripi. M'thupimo amapitiriza kuswana ndi kusaka. Ndi mankhwala amoyo, amene angathe kukhala m'magazi kwa miyezi kapena zaka.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Pa kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, ana ndi achinyamata 75 amene mankhwala ena anali atalephera analandira maselo otere. Mwa iwo 61 khansa inazimiririka pasanathe miyezi 3. Zimenezi n'zosangalatsa ndithu kwa ana amene analibenso chiyembekezo. Koma patatha chaka, pafupifupi theka lokha ndilo linali likadali bwino popanda chovuta china. Kwa ena maselo ophunzitsidwa aja anatha msanga m'thupi. Kwa ena khansa inavula chizindikiro cha CD19, monga wakuba asinthira malaya, ndipo asilikali anayambanso kuidutsa.

Ngozi zake nazo si zazing'ono. Kutentha thupi koopsa kumene kunagwira Emily kumagwira ambiri, ndipo ena amafunika chipinda cha odwala mwakayakaya. Ena amasokonezeka mutu, kulephera kulankhula kapena kukomoka kwa masiku angapo. Komanso asilikaliwo sasiyanitsa maselo a B abwino ndi oipa. Amapha onse, kotero wochirayo amafunika kumalandira zida za chitetezo zochokera m'magazi a anthu ena kwa nthawi yaitali.

Kenaka pali mtengo. Pa 30 August 2017 boma la America linavomereza mankhwala oyamba a mtundu umenewu, otchedwa Kymriah, a kampani ya Novartis, kwa odwala osapitirira zaka 25 amene khansa yawo yakana mankhwala kapena yabwerera kawiri. Mtengo wake unali madola 475,000 pa mwana mmodzi, osawerengera za chipatala, ulendo ndi malo ogona. Mayi, ng'ombe zanu ziwiri, ngakhale mutaphatikiza za mudzi wonse, sizingafike pamenepo. Chithandizo chimenechi sichinafike m'zipatala za ku Zambia. Aliyense amene angakuuzeni kuti ali nacho m'botolo, kapena kuti mutumize ndalama pa foni kuti akulembetseni, ndi wakuba.

Chiyembekezo chilipo kuti mtengo udzatsika. Mu October 2023 dziko la India linavomereza mankhwala akeake otchedwa NexCAR19, okonzedwa mogwirizana ndi IIT Bombay ndi chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai, pa mtengo wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa ku America. Ku London, mu 2022, madokotala a ku Great Ormond Street Hospital anathandiza mtsikana wa zaka 13 wodwala khansa ya maselo a gulu la T pogwiritsa ntchito maselo a munthu wina wathanzi, okonzedwa kuti asalimbane ndi thupi lake. Njira imeneyi ikadzakhwima, maselo adzatha kukonzedweratu ndi kusungidwa, m'malo mokonzera wodwala aliyense payekha. Koma njira ya ku London ikali m'manja mwa ofufuza, ndipo ngakhale mtengo wa ku India ndi phiri kwa mlimi.

Ena mwa awerengi afunsa ngati n'kololedwa kusintha chibadwa cha maselo a munthu. Chikalata cha Mpingo chotchedwa Dignitas Personae, cha mu 2008, chinasiyanitsa zinthu ziwiri. Kukonza maselo a m'thupi la wodwala ndi cholinga chomuchiza ndi kololedwa, malinga ngati ngozi zake zayezedwa bwino ndipo wodwala kapena makolo ake avomera akudziwa. Chimene chinakanizidwa ndi kusintha mbewu yoberekera, kumene kungapitirire kwa ana ndi zidzukulu. CAR-T ili m'gulu loyambalo: zosinthazo zimathera mwa wodwala yemweyo.

NANGA KWATHU KUNO?

Bungwe la World Health Organization limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa pa dziko lonse. M'maiko olemera oposa 80 mwa 100 amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30 mwa 100. Kusiyana kumeneku sikubwera chifukwa cha kusowa kwa CAR-T. Kumabwera chifukwa cha kufika mochedwa kuchipatala, kusowa kwa mankhwala wamba, ndi kuleka chithandizo panjira.

Ofufuza anatsatira ana 162 amene analandira chithandizo cha khansa ku University Teaching Hospital pakati pa 2008 ndi 2010. Anapeza kuti ana 8 okha mwa 100 ndiwo anamaliza mankhwala awo, ndipo pafupifupi theka analeka panjira osabwereranso. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kutalika kwa mtunda wochokera kumudzi. Manambala amenewa ndi a zaka zapitazo, koma phunziro lake likadalipo: mwana amene wachotsedwa m'chipatala mankhwala asanathe, khansa imamubwerera, ndipo ikabwerera imakhala yovuta kuposa poyamba.

Tikumbukenso kuti kuno kwathu kuli khansa ina ya maselo a gulu la B yofala pakati pa ana, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira kwambiri. Dr Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Kampala, ndipo imatchedwa ndi dzina lake. Imapezeka kwambiri kumadera a malungo. Imakula m'masiku owerengeka, komanso imamva mankhwala msanga ngati mwana wafika nthawi ikadalipo.

Zina zasintha. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital chinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007. Mu 2018 World Health Organization ndi chipatala cha St Jude anayambitsa ntchito yofuna kuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 odwala khansa azichira pa dziko lonse. Pa ntchito ina ya mabungwe awiriwa, yotumiza mankhwala odalirika a khansa ya ana, imene inayamba kutumiza mankhwalawo mu 2025, Zambia ili m'gulu la maiko 6 oyamba, pamodzi ndi Ecuador, Jordan, Mongolia, Nepal ndi Uzbekistan.

MALANGIZO ANGA

Choyamba, Mayi, musamuchotse mwana pa mankhwala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mankhwala amene mwana wanu akulandira ndiwo amene mwana wa ku America amayambanso kulandira, ndipo ambiri a iwo amachira ndi omwewo osafika konse pa CAR-T.

Chachiwiri, pitani ndi bambo a mwana, ngakhalenso apongozi anu, mukakhale pansi ndi dokotala. Mufunse kuti khansayo ndi ya mtundu wanji, mankhwala afika pa gawo liti, ndipo kwatsala miyezi ingati. Muwauze mosabisa za vuto la ndalama zoyendera ndi malo ogona, pakuti ogwira ntchito zothandiza mabanja pachipatala amadziwa mabungwe amene amathandiza makolo a ana otere ku Lusaka. Musamwetse mwana mankhwala azitsamba dokotala osadziwa, chifukwa chiwindi ndi impso zake zili kale pa ntchito yaikulu. Ndipo mwana akatentha thupi ali pa chemotherapy, musadikire kuti kuche: asilikali ake ndi ochepa, ndipo maola ochepa angathe kusiyanitsa moyo ndi imfa.

Chachitatu, ng'ombe zisagulitsidwe chifukwa cha nkhani ya pa foni. Banja lanu lidzafunika chimanga chaka chamawa, ndipo mwana wodwala amafunika chakudya chabwino kuti apirire mankhwala.

Kwa inu anansi, mafumu, magulu a amayi ndi achinyamata a m'boma la Chongwe: mutu umodzi susenza denga. Kuchokera pa boma la Chongwe kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa Great East Road. Ndi pafupi poyerekeza ndi Lundazi kapena Chama, koma kwa mayi woyenda ulendo umenewu mwezi ndi mwezi kwa zaka 2, mwana ali kumsana, ndi kutali. Mupalireni munda wake. Sonkhani ya basi. Sungani ana otsala pakhomo. Amene muli ndi thanzi kaperekeni magazi, pakuti mwana wa khansa ya m'magazi amaikidwa magazi kawirikawiri, ndipo magazi alibe fakitale ina koma thupi la mnansi.

Kwa makolo nonse: mwana akamatentha thupi mobwerezabwereza koma malungo osapezeka, akayera m'maso ndi m'zikhatho, akamatuluka magazi popanda chifukwa, akamadandaula mafupa kapena kutsimphina, akatupa m'khosi, m'khwapa, nsagwada kapena mimba, kapena mukaona kadontho koyera m'diso lake, pitani naye ku kiliniki msanga ndipo mupemphe kuti ayezedwe magazi mokwanira. Zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimakhala za matenda ena, koma wozisiyanitsa ndi dokotala. Akakutumizani ku chipatala cha boma ku Chongwe kapena ku Lusaka, musayembekeze kukolola kaye.

Mayi wa ku Kanakantapa, sindingakulonjezeni kuti mwana wanu achira, pakuti lonjezo lotero palibe munthu woona mtima angalipereke. Chimene ndingakuuzeni motsimikiza n'chakuti mwayi wake waukulu uli pa njira imene ali kale. Mlimi sazula chimanga chake chili m'mawondo chifukwa wamva kuti kutsidya kwa nyanja kuli mbewu yocha msanga. Miyezi 7 yapita, ndipo simunaivutikire pachabe. Limbani mtima, malizani mankhwala, ndipo mudzatilemberenso kutiuza mmene mnyamatayo akupezera.